Kwa Ana a ku Kalikiliki Ofuna Kutola Nkhani

Ana anga, sipatha mwezi ndisanamve kuti wina wa kuno ku Kalikiliki mu Lusaka walembetsa maphunziro a utolankhani ku koleji ya Evelyn Hone, wina wapeza malo ku yunivesite ya UNZA, winanso wangotsegula tsamba pa Facebook ndipo akudzitcha kale mtolankhani. Ine sindiletsa munthu. Ntchito imeneyi inandidyetsa, inalipirira ana sukulu, ndipo mabuloko a nyumba ndikukhalayi, ngakhale ankabwera khumi lero khumi mwezi wamawa, anachokera ku cholembera. Koma pali zina zimene aphunzitsi anu alibe nthawi yokuuzani, ndipo ena mwa iwo sanagonepo m'komboni.

Mtolankhani wa m'komboni amagona pakati pa anthu amene amawalemba. Mnzanu wa ku Kabulonga kapena ku Ibex Hill akhoza kubwera kuno pa galimoto ya kampani, kujambula madzi atalowa m'nyumba za anthu, kufunsa mafunso awiri ataima pouma, basi n'kubwerera kuseri kwa mpanda wake. Akalakwitsa dzina la mayi amene chimbudzi chake chagwa, palibe amene adzamulondole. Inu mukalakwitsa, m'mawa mwake mukumana ndi mayiyo potunga madzi, mwamuna wake mukhala naye mpando umodzi m'minibasi ya ku tauni, ndipo amayi anu aimva nkhaniyo ku msika wa Mtendere inu musanasukusule n'komwe. Ena amati limeneli ndi tsoka. Ine ndimati mwayi wanu uli pomwepo, chifukwa anthu amene angakudzudzuleni pamaso ndi omwenso angakuuzeni zimene sangauze mlendo. Chuma chonse cha ntchitoyi ndi chakuti anthu azikukhulupirirani, ndipo kuno chikhulupiriro chimenecho chimayesedwa tsiku ndi tsiku.

Tsegulani manyuzipepala akale muone nthawi imene makomboni athu amatchulidwa. Kanyama inamveka dziko lonse mu 1978 pamene madzi osefukira anagwetsa nyumba ndi kupha anthu. Chakumapeto kwa 2017 kunabuka kolera, ndipo pofika Januwale 2018 asilikali anali m'misewu ya m'tauni kuchotsa ogulitsa malonda, anthu a ku Kanyama analetsedwa kuyenda usiku, odwala akugonekedwa ku bwalo la mpira la Heroes. Mu 2024 zinabwerezanso: bwalo lomwe lija linasanduka chipatala, anthu oposa 700 anamwalira m'dziko muno, ndipo ana anatsegulira sukulu mu Febuluwale m'malo mwa Januwale. Nthawi zoterezi makamera amadzaza kuno. Mvula ikangosiya, amachoka. Ndiye munthu wowerenga nyuzi ku Woodlands amaganiza kuti m'komboni muli matope, maliro ndi mbava zokhazokha, ngati kuti pakati pa mliri wina ndi unzake anthu sakwatira, saphunzitsa ana, samanga.

Nkhani yeniyeni ili m'miyezi imene makamera kulibe. Aliyense wa msinkhu wanga akudziwa kuti pamene ena amanga lero panali damu, ndipo anthu analikwirira ndi zinyalala mpaka kupeza poika maziko. Madzi ndiye sanaiwale njira yawo. Tsono anagulitsa mapuloti amenewo ndani? Analandira zingati? Pepala limene wogula anapatsidwa lili ndi chidindo cha khonsolo, kapena siginecha ya tcheyamani wa chipani? Lamulo la nyumba la 1974 linabweretsa chiphaso chokhalira pamalo kwa zaka 30 m'makomboni ovomerezeka. Ndi angati mumsewu wanu ali nacho, ndipo ndi angati akudziwa kuti chimatha? Ndalama za chitukuko za CDF zinali K1.6 miliyoni pa dera la phungu mmodzi. Mu 2022 zinakwera kufika K25.7 miliyoni, ndipo zakhala zikukwerabe chaka ndi chaka. Ngalande imene inalembedwa pa pepala la komiti yoona za ndalamazo, pitani mukaiyeze ndi mapazi anu, muone ngati ikufika pamene analemba. Zoterezi sizilira galimoto. Zimalira nsapato zolimba ndi munthu wosachita manyazi kubwerera ku ofesi imodzimodzi mpaka mlonda wa pageti ayambe kumupatsa moni pa dzina.

M'masiku athu munthu ankayambira ku makhoti ang'onoang'ono, la Boma, la Matero, la Chilenje, kumene amaweruza za maukwati, chigololo, ngongole ndi kutukwanizana. Achinyamata a lero amainyoza ntchito imeneyi. Aliyense akufuna kuyambira ku State House. Komatu khutu limaphunzira pa benchi ya khoti. Mayi akudandaula m'Chinsenga, bambo akuyankha m'Chibemba, woweruza akufunsa m'Chinyanja, iwe ukulemba m'Chingerezi kabuku kali pa bondo, ndipo sungaimitse khoti kuti abwereze. Potuluka uyenera kufunsa kalaliki kalembedwe ka dzina lililonse, chifukwa Mwanza si Mwansa, ndipo ukasokoneza chilembo chimodzicho wayatsa moto m'banja la munthu amene sanapondeko ku khoti. Kumeneko ndi kumenenso umaphunzira kuti wolira kwambiri si ndiye wolakwiridwa nthawi zonse, ndi kuti nkhani imene inamveka yowongoka pakamwa pa wodandaula imapindika woyankha akangotsegula pakamwa.

M'mawa uliwonse kunali dayale. Mkonzi wa nkhani ankakhala kumutu kwa tebulo ndi buku lake lalikulu, n'kumafunsa mmodzimmodzi kuti lero uli ndi chiyani. Woyamba ndi mawu akuti "ndamva kuti" ankafunsidwa kuti wamva kwa yani, iyeyo anaona ndi maso kapena nayenso anangomva, ndipo wonenedwayo wayankhapo chiyani. Ukasowa yankho, anzako onse ankayang'ana pansi. Madzulo zolemba zako zinkapita kwa masabu, anthu osaseka, amene ankadula mizere yako yonse yokometsera n'kusiya ndani, chiyani, kuti ndi liti. Inu a pa foni mulibe sabu. Chala chikangogunda, nkhani yapita. Choncho mafunso amene mkonzi akanakufunsani muzidzifunsa nokha, apo ayi pezani mnzanu wosanyengerera woti aziwerenga musanatumize.

Musayese ndikukokomeza. Mu Malichi ndi Epulo 2016 mitembo ya anthu inkapezeka ku George, ku Zingalume ndi madera oyandikana nawo, ina itachotsedwa ziwalo. Mitemboyo inali yoona, mantha analinso oona. Chabodza chinali mphekesera yakuti eni masitolo ochokera ku Rwanda ndiwo akupha anthu kuti malonda awo aziyenda. Inayenda pakamwa, inayenda pa mafoni, ndipo m'masiku awiri okha masitolo oposa 60 anathyoledwa n'kuberedwa, anthu mazanamazana anathawira ku tchalitchi cha St Ignatius ku Rhodes Park, ndipo ku Kanyama anthu awiri anatenthedwa amoyo. Awiriwo anali nzika za Zambia. Patapita milungu ingapo, amene apolisi anawagwira pa mlandu wa kupha kuja analinso a m'dziko momwe muno, pakati pawo asilikali awiri ndi sing'anga. Kumayambiriro kwa 2020 kunabwera za gasi, zoti pali anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku. Anyamata ankachezera panja ndi zibonga, ndipo anthu ambiri anaphedwa ndi chigulu chifukwa chongooneka achilendo pamalo, ena okalamba, ena odwala misala. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Pa nthawi ngati imeneyo komboni yonse imafuna kuti mulembe zimene yakhulupirira kale, ndipo mukalemba kuti mwafika pamalopo koma simunapeze umboni, ena adzati mwadyetsedwa. Lembanibe. Mwini sitolo amene akunenedwayo ndi yemwe uja amakongoza amayi anu shuga mwezi ukafika pakati.

Tsopano za ndalama, pakuti apa ndi pamene ambiri amagwera. Mudzaitanidwa ku msonkhano ku hotela. Bwana adzawerenga zolankhula zake, mudzamwa tiyi ndi masamusa, ndipo potuluka mudzapeza mtsikana pa katebulo pafupi ndi khomo ali ndi pepala la mizeremizere: dzina, nyuzipepala, siginecha. Mukasaina adzakupatsani envulopu, akuti ya thiransipoti. Atolankhani a mu Lusaka amaitcha blalizo, ndipo alipo ena amene m'mawa amayamba afunsa kaye kuti lero blalizo ili kuti asanafunse kuti nkhani ili kuti. Ine sindiwaseka. Ndinagwirapo ntchito pamalo pena pamene malipiro ankadumpha miyezi, landilodi akugogoda, mwana atabwezedwa ku sukulu. Wolemba wapaganyu, wolipidwa pa nkhani imene yatuluka yokha, ndiye amavutika koposa, chifukwa nkhani zitatu zikatayidwa m'dengu ndalama ya basi imene anawononga sibwerera. Munthu wanjala sumuuza za ulemu wa ntchito uli chikhutire.

Koma dziwani mmene chinthuchi chimagwirira. Palibe amene adzakuuzeni kuti lembani chakuti. Envulopu ilibe mawu. Ndi kaloba wosalembedwa m'buku: potenga sipawawa, koma tsiku lobweza amasankha ndi mwini ndalama. Lidzafika tsiku limene bungwe limene linakupatsani envulopu lija ladya ndalama za ana amasiye, mapepala ali m'manja mwanu, ndipo mudzangoona dzanja likulemera, mukudziuza kuti nkhaniyi siinapse, tidikire kaye. Kuno kwathu sizibwera ndi envulopu n'komwe. Zimabwera ngati thumba la ufa limene wofuna ukhansala watumiza pa maliro a kwanu, kapena mayunitsi a foni ochokera kwa mkulu wa pa siteshoni ya mabasi. Zina simungazikane popanda kunyoza mwambo, makamaka za pa maliro; zikatero uzani mkonzi wanu, nkhani ya munthu ameneyo alembe wina. Ndipo kuyambira chaka choyamba khalani ndi kena kolowetsa ndalama kosakhudzana ndi anthu amene mumawalemba: kujambula pa maukwati, kumasulira mapepala, kuphunzitsa ana madzulo, nkhuku kuseri kwa nyumba, kachipinda ka lendi. Amene mudzakwatirane naye mumuuze zoona za malipiro anu musanapite kwa ankhoswe, chifukwa dzina lotuluka m'nyuzipepala limanamiza apongozi kuti muli ndi ndalama.

Dziwaninso mwini pepala limene mukulembera. Times of Zambia inachokera ku Northern News ya azungu a ku migodi, inakhala m'manja mwa kampani ya Lonrho, ndipo mu 1975 pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza kuti chipani chake chikuitenga. Zambia Daily Mail inayamba mu 1960 ngati African Mail, ya Richard Hall ndi Alexander Scott, ndipo boma linaigula mu 1965. M'zaka za chipani chimodzi mkonzi ankadziwa yekha polekezera popanda womuimbira foni. Mu 1991 kunabadwa Weekly Post ya Fred M'membe ndi anzake, imene pambuyo pake inakhala The Post, ndipo kwa zaka zambiri inali pepala limene anthu ankalimbirana pa Cairo Road. Mu Juni 2016, kutatsala milungu yochepa kuti anthu avote, bungwe lotolera misonkho la ZRA linatseka maofesi ake pa nkhani ya msonkho wa K53 miliyoni, atolankhani n'kumalembera panja pa geti mumsewu wa Bwinjimfumu. Mu Ogasiti chaka chomwecho Muvi TV ndi Komboni Radio zinaimitsidwa kwa kanthawi. Pa phulusa la The Post panaphuka The Mast ndi News Diggers. Koma musaganize kuti pepala losakhala la boma lilibe abwenzi. Michael Sata atapambana mu 2011, ena mwa atolankhani akuluakulu a The Post analowa ntchito m'boma lake, ndipo owerenga anaona okha kuti mano a pepalalo afooka mbali imodzi. Pepala lililonse lili ndi nkhani imene silingalembe. Idziweni msanga, kuti musadabwe tsiku limene yanu yasowa, ndiponso kuti mudziwe ngati mungathe kukhala pamenepo mtima uli m'malo.

Za kumangidwa sindikuopsezani, koma si nthano. Mu 1996, khoti lalikulu kwambiri m'dziko litagamula kuti mbali ya lamulo la misonkhano yofuna chilolezo cha apolisi ikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko, wachiwiri kwa pulezidenti Godfrey Miyanda anadzudzula chigamulocho m'nyumba ya malamulo. Fred M'membe, Bright Mwape ndi Lucy Sichone analemba zomutsutsa, ndipo nyumbayo, pansi pa sipikala Robinson Nabulyato, inawapeza olakwa pa mlandu woinyoza. Abambo awiriwo anakhala m'ndende milungu yoposa itatu mpaka khoti linawatulutsa. Mayi Sichone, amene analinso loya, anabisala. Atsikana inu, dzina limeneli mulidziwe. Anamwalira mu 1998 akadali ndi mphamvu, koma amene tinkawerenga zolemba zake timakumbukira kuti nduna zinkaopa cholembera chake kuposa cha amuna ambiri.

Nkhani imene ndimafuna muiganizire kwambiri ndi ya Chansa Kabwela. Mu 2009, anamwino ali pa sitalaka, mayi wina anaberekera panja pa chipatala cha UTH popanda womuthandiza, ndipo mwanayo anamwalira. Zithunzi zake zinafika ku The Post, kumene Kabwela anali mkonzi wa nkhani. Sanazisindikize. Anazitumiza ndi kalata kwa wachiwiri kwa pulezidenti George Kunda, kwa nduna ya zaumoyo ndi ku mabungwe a amayi, kuti aone chimene sitalakayo ikuchita. Pulezidenti Rupiah Banda anati ndi zolaula, Kabwela anamangidwa, ndipo khoti linamumasula mu Novembala chaka chomwecho. Anthu ambiri amakumbukira za kumangidwako. Ine ndimakumbukira za kusasindikizako. Anali ndi chithunzi chimene chikanagulitsa pepala lonse dzuwa lisanafike pamutu, koma anaona kuti mayiyo ndi munthu, ali ndi abale, adzayendanso mumsewu. Lero mwana akamira m'dzenje la madzi kuno, chithunzi cha mtembo wake chimazungulira pa WhatsApp amayi ake asanauzidwe. Wojambulayo amati akutola nkhani. Mwana wa ku Kabulonga sangamujambule choncho, ndipo akudziwa chifukwa chake.

Malamulo ena asintha. Mlandu wonyoza pulezidenti unachotsedwa mu Disembala 2022, ndipo mu Disembala 2023 kunasainidwa lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha zimene maofesi a boma akusunga, lamulo limene atolankhani analilira zaka zoposa 20. Koma kunabweranso malamulo a za pa intaneti, la 2021, kenako ena a 2025 amene analowa m'malo mwake, ndipo amenewa amafika mpaka pa foni ili m'thumba mwanuyo. Awerengeni nokha, musadalire zomva. Kuipitsa dzina la munthu ndiye kukadali mlandu, ndipo mlandu suwola. Sungani makabuku anu onse, mulembe tsiku pachikuto, musunge mawu amene munajambula. Nambala ya bungwe loteteza atolankhani la MISA Zambia ikhale m'foni mwanu ndi m'foni ya wina wa kunyumba.

Chimodzi chimene chimandiwawa ndi chilankhulo. Boma la atsamunda linali ndi Mutende kuyambira 1936, pepala la anthu akuda lokhala ndi zilankhulo zathu. Titalandira ufulu kunali Tsopano m'Chinyanja, Imbila m'Chibemba, Liseli m'Chilozi, Intanda m'Chitonga. Anali mapepala a boma, odzaza ndi nduna zotsegula zipatala, koma agogo anu ankatha kuwerenga okha. Lero mayi wogulitsa tomato amalembedwa m'Chingerezi, ndipo pepala limene muli dzina lake amangokulungira nsomba. Msewu umene mumadutsa popita ku tauni kudzera ku Kalingalinga uli ndi dzina la Alick Nkhata, munthu amene anatchuka pa wailesi chifukwa cholankhula ndi kuimbira anthu m'zilankhulo zawo. Inu muli ndi chida chimene ife tinalibe: simulira makina osindikizira kapena galimoto yogawa mapepala. Ngati nkhani ndi ya ngalande ya ku Kalikiliki, ilembeni m'Chingerezi kuti a khonsolo a ku Civic Centre achite manyazi, koma muilembenso m'Chinyanja chimene timalankhula kuno, kuti eni ngalande adziwe zimene zinalonjezedwa m'dzina lawo.

Ntchitoyi imakalambitsa msanga, ndipo mapepala amafa ngakhale atatchuka chotani. Muzipita nokha ku ofesi ya penshoni ya NAPSA kukaona ngati abwana akuperekadi ndalama zimene amadula pa malipiro anu; musadikire tsiku lopuma. Mowa wa pambuyo pa dedilaini unatenga anzanga aluso kuposa ine, ndipo sindinenapo zambiri. Nkhani zanu muzisunga panokha, chifukwa tsamba la pa intaneti likatsekedwa zaka zanu zonse zimapita nalo limodzi, pamene pepala la 1978 mukhoza kukalipeza lero ku National Archives.

Amene akufunadi ntchitoyi asadikire satifiketi. Sabata ino apite kwa a komiti ya chitukuko ya wadi yathu akapemphe mndandanda wa ntchito za CDF zimene zinavomerezedwa chaka chatha, ndi ndalama ya ntchito iliyonse. Akamukaniza, alembe kalata yotchula lamulo la 2023 lija, asunge kope lake lodindidwa tsiku. Akaupeza mndandandawo ayende ntchito imodziimodzi, afunse okhala pafupi, kenako apite kwa kontirakitala ndi kwa khansala akamve mbali yawo. Akatero abwere nazo kuno madzulo magetsi asanazime, tidzaone mmene walembera mzere woyamba.